Siginecha ya malemu imalankhula, ngati tasunga pepala

Maliro akatha ku Kapata kapena ku Mchini, nthawi zina pamatulukira pepala. Wina amabwera nalo n'kunena kuti malemu anamugulitsa poloti, kapena anamusiyira nyumba mu wilo. Mwini siginecha ali m'manda, sangavomere kapena kukana. Mayi wamasiye ndi ana amangoyang'anana.

Apa ndi pamene katswiri wopima zolemba amafunika. Iye sayang'ana cabe ngati zilembo zafanana. Amaona mmene colembera cinayendera: pamene cinakanikiza, pamene cinaima, pamene cinanyamuka. Munthu wosaina dzina lake amathamanga osaganiza. Wokopera amajambula pang'onopang'ono, ndipo mzere wake umanjenjemera. Katswiri amaonanso ngati inki ndi imodzi, ngati nambala inafufutidwa, kapena ngati ziro anawonjezedwa pa mtengo.

Koma katswiri si woweruza. Mu 1975, pa mlandu wa Sithole ndi State Lotteries Board, Khoti Lalikulu la Supreme linanena kuti nchito yake ndi kuonetsa pamene zolemba zifanana ndi pamene zisiyana, ndipo khoti liyenera kudzionera lokha lisanagamule. Conco umboni wake umalimba pokhapokha pali zinthu zoti aonetse.

Ife acinyamata ndi pamene timagwera. Tikagula poloti timajambula kalata pa foni, n'kuitumiza pa WhatsApp, pepala lenileni n'kulitaya. Cithunzi siciwonetsa kukanikiza kwa colembera, ndipo fotokope imabisa zofufuta. Komanso katswiri amafuna masiginecha ena odziwika a munthuyo kuti ayerekeze: makalata akale, mafomu a kubanki, mabuku a cilimba. Zimene timayatsira mbaula pambuyo pa maliro ndi zimene zikanateteza nyumba.

Ena amati pacibale safunsana mapepala. Koma lamulo la 1989 limati wilo ilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Ngati palibe wilo, ana amalandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna 20, makolo 20, odalira malemu 10. Pepala limodzi labodza lingafafanize zonsezi, ndipo kawirikawiri wolibweretsa si mlendo.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Lamulo la National Forensic Act linabwera mu 2020, koma Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 500. Mayi wogulitsa tomato sangapirire mlandu woyembekezera lipoti miyezi ndi miyezi. Chipata ndi mzinda kuyambira 2017. Iyenera kukhala ndi akatswiri ake, ndipo makhansala ndi aphungu athu tiziwafunsa zimenezi.

Pakali pano, sainani ndi inki, itanani mboni, lembani manambala a NRC, aliyense atenge pepala lake losainidwa. Pepala lokayikitsa musalilembepo kanthu kapena kulimata pulasitiki. Pitani nalo ku Victim Support Unit kapena ku Legal Aid Board. Ndipo sabata ino funsani amayi kumene amasunga mapepala a nyumba.