Kachitsotso m'Diso la Kamera

Mwezi watha tinali ku ukwati wa mphwathu kumudzi, ndipo mnyamata wina wa pa banja pathu ndiye anapatsidwa udindo wojambula zithunzi ndi kamera yobwereka. Titakhala pansi madzulo kuti tione zithunzizo, tinapeza kadontho kotuŵa pa chithunzi chiri chonse, pa malo amodzimodzi: pena pa chovala choyera cha mkwatibwi, pena pa thambo. Mnyamatayo anapukuta lenzi kangapo, koma kadonthoko sikanachoke, pakuti fumbi linali m'kati, pa sensa. Ukwati subwerezedwa, tsono nkoyenera kuti tiphunzirepo kanthu.

Inu makolo mukukumbukira makamera a filimu. M'menemo chithunzi chiri chonse chinkagwera pa chigawo chatsopano cha filimu, ndipo fumbi linkapita nacho. Kamera za masiku ano, zimene yoyamba yake anaipanga Steven Sasson ku kampani ya Kodak m'chaka cha 1975, ziri ndi sensa m'malo mwa filimu. Iyi ndi mbali imene imalandira kuwala, ndipo popeza sichoka pa malo pake, kachitsotso kamodzi kamaononga zithunzi mazanamazana. Fumbilo limaloŵa makamaka posintha lenzi. Kamera ya m'foni njotsekeka, kotero kwa iyo nkokwanira kupukuta kagalasi kakunja.

Tisanakhudze kanthu, tiyambe tatsimikiza. Tichepetse chibowo cha lenzi kufika pa f/16 kapena f/22, nkujambula pepala loyera kapena thambo lopanda mitambo. Fumbi likakhalapo, madontho adzaoneka bwino lomwe. Tikumbukirenso kuti lenzi imatembenuza chithunzi: dontho loonekera kumwamba kwa chithunzi, fumbi lake liri kumunsi kwa sensa.

Lamulo lathu likhale ili: tiyambe ndi njira yofatsa, ndipo tisapitirire ngati yathandiza. Choyamba, kamera idziyeretse yokha. Kuyambira 2003, pamene Olympus inatulutsa kamera ya E-1, makamera ambiri amatha kunjenjemeretsa kagalasi kophimba sensa kuti fumbi liyoyoke.

Zikakanika, tidzaze batire, pakuti moto ukatha ntchito iri m'kati, kachitseko kotchinga sensa kangathe kutsekeka mwadzidzidzi ndi kuonongeka. Tiloŵe m'chipinda chosesedwa bwino, tisankhe pa kamera lamulo loyeretsera, tichotse lenzi, ndipo kamerayo iyang'ane pansi. Tipope mpweya ndi kampira kopangidwira ntchitoyi, nsonga yake isakhudze sensa. Tisauzire ndi pakamwa, chifukwa malovu amasiya banga loposa fumbi. Tisagwiritse ntchito mpweya wa m'chitini, thonje, mpango kapena nsonga ya malaya.

Banga louma ndilo lokha lifunika kupukuta. Pali timitengo ta nsalu yofeŵa kunsonga togulitsidwa pamodzi ndi mankhwala ake, ndipo tiyenera kugula tolingana ndi sensa yathu: yaikulu ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pamene yotchedwa APS-C njocheperapo. Tidonthezere dontho limodzi kapena aŵiri pa kansaluko, osati pa sensa. Tikoke pang'onopang'ono kuchoka mbali ina kufika inzake, tibwerere ndi nkhope ina ya kansaluko, kenaka tikataye. Kubwereza kamtengo kakale nkubweza mchenga umene ungakande galasi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa inu achinyamata tikuti: ngati dzanja likunjenjemera, kapena kamera si yanu, musadziyese akatswiri. Pitani nayo kwa mwiniwake kapena kwa wodziŵa kukonza, pakuti safunsa anadya phula, ndipo sensa yokandika imadya ndalama zambiri. Kuulula kuti mwaona banga sikuchotsa ulemu. Chochotsa ulemu nkubweza chinthu cha mwini chitaonongeka, inu muli chete.

Pomaliza, kupewa kuposa kuchiza. Posintha lenzi tizimitse kamera, tiiyang'anitse pansi, ndipo tichite msanga, kutali ndi mphepo ndi fumbi la chilimwe. Tsiku lalikulu likayandikira, tijambule pepala loyera lija kutatsala masiku angapo. Tikatero, adzukulu athu adzaona nkhope za makolo awo zopanda banga.