Wolipira positala apatsidwenso fayilo ya ma layer

Aliyense woyenda mu South Africa Drive ku Cosmo City, ku Joni, amaona kuti malonda a kuno amadalira mapositala. Pamipanda ndi pamitengo ya magetsi pali zoitanira anthu ku mapemphero a usiku wonse, mitengo ya saluni, ndi nambala za onyamula katundu kuchoka ku Joni kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Mapositalawa amakonzedwa pa kompyuta, mwiniwake n'kulipira, n'kulandira chithunzi chimodzi cha JPEG pa WhatsApp. Ine ndikuti malonda otere ndi operewera. Wolipira ayenera kupatsidwanso fayilo yomwe chithunzicho chidapangidwiramo, ndipo ikhale yoti itseguke pa kompyuta ina.

Chithunzi chokonzedwa mu Photoshop chimakhala ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana. Nkhope ya abusa ili pa pepala lake, tsiku la msonkhano pa lina, nambala ya foni pa linanso. Mapepalawa ndiwo ma layer, omwe kampani ya Adobe idawayambitsa mu Photoshop 3.0 mu 1994, ndipo amasungidwa mu fayilo ya PSD. Nambala ikasintha, wokonza amangokhudza layer imodziyo, ntchito ya mphindi ziwiri. JPEG ilibe ma layer. Ili ngati nsima yophika kale, yomwe simungapatulenso ufa ndi madzi. Ndiye mayi wa saluni akakweza mtengo woluka tsitsi, amayamba positala yonse poyambira, n'kulipiranso. Ku Cosmo City vutoli ndi lalikulu chifukwa anthu ambiri amakhala m'zipinda za lendi kuseri kwa nyumba. Mnyamata wokonza mapositala lero ali pano, mawa wasamukira ku Diepsloot kapena wabwerera ku Mangochi ndi laputopu yake.

Komatu kukhala ndi fayilo sikutanthauza kuti itseguka bwino. Kuyambira 2013 Adobe idasiya kutulutsa Photoshop yogula kamodzi n'kuyamba ya msonkho wa pamwezi, choncho ena adakali pa CS6 ya 2012 pamene anzawo ali ndi yatsopano. PSD yokonzedwa pa yatsopano ikatsegulidwa pa yakale, zinthu zina zimasintha maonekedwe kapena kukana kukonzedwa. Pa CorelDRAW, yomwe malo osindikizira ambiri amaikonda, fayilo yosungidwa pa pulogalamu yatsopano imangokaniratu kutseguka pa yakale. Ngakhale GIMP yaulere ili ndi vuto lomweli, poti fayilo ya XCF yokhala ndi zinthu zatsopano za GIMP 2.10 ya 2018 siitseguka mu 2.8. Zilembo nazonso zimapweteketsa. Ngati kompyuta inayo ilibe font yomwe wokonza adasankha, imaikapo ina, ndipo ŵ wa m'mawu oti Malaŵi angathe kusanduka kabokosi. Mu 2022 Adobe idachotsa mitundu yambiri ya Pantone m'mapulogalamu ake, anthu ena n'kupeza mitundu ya m'mafayilo awo akale yasanduka yakuda pokhapokha atalipira padera. Ngati zidachitikira makampani olemera, kuli bwanji kampingo kopemphera mu tenti?

Okonza mapositala ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati fayilo ya ma layer ndi khasu lawo, akaipereka kasitomala sabweranso. Lamulo la South Africa la 1978 loteteza eni ntchito za luso limawathandizako, chifukwa kawirikawiri umwini umakhala kwa wopanga, ndipo kuusamutsa kumafuna pangano lolembedwa. N'zoona, ndipo palibe akunena kuti apereke kwaulere. Aike mitengo iwiri poyera, wa chithunzi chokha ndi wa chithunzi pamodzi ndi fayilo yake, munthu asankhe akudziwa. Chomwe sindingavomereze ndi kubisa nkhaniyi kufikira tsiku lomwe kasitomala wapanikizika, monga pamene banja likufuna kukonza dzina lolakwika pa pulogalamu ya maliro usiku woti mtembo unyamuka m'mawa kupita kumudzi. Kasitomala wobwerera chifukwa chomangika ndi wosiyana ndi wobwerera chifukwa ntchito idamusangalatsa, ndipo wachiwiriyu ndiye amabweretsa anzake.

Ena amati kasitomala alibe Photoshop, ndiye fayiloyo achita nayo chiyani? Safunika kuitsegula yekha, amangoinyamula kupita nayo kwa wina. Komanso Photopea imatsegula PSD pa intaneti kwaulere. Zoti fayilo ndi yaikulu ndipo imadya data, flash imodzi imathetsa.

Chofunika kwa wokonza ndi chochepa. Posunga PSD avomere Maximize Compatibility, yomwe imaikamo chithunzi chonse chophatikizidwa kuti pulogalamu ina ithe kuchionetsa. Pa CorelDRAW asankhe kusunga mwa mtundu wakale. Awonjezepo PDF yosindikizira, ndipo alembe mayina a ma font onse. Inu atsogoleri a mipingo, makomiti a maliro ndi eni malonda a ku Cosmo City, musanapereke dipoziti funsani ngati fayilo ya ma layer ili m'kati mwa mtengowo, ndipo yankholo lilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepo.