Osabwera pa Disembala si onse matchona

Disembala akafika, m'midzi ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba maso amakhala pa msewu. Chapa chilichonse chikaima, ana amathamanga kukaona ngati watsika atate, achimwene kapena amalume a ku Joni. Pa 25 Disembala, tsiku limene boma la Mozambique limatcha Dia da Família, mabanja ena amapha mbuzi. Ena amadya mwakachetechete chifukwa munthu wawo sanabwere, ndipo mudzi umayamba kunong'ona kuti watchona. Chiweruzo chimenechi n'chofulumira, ndipo chikuthandiza kuti anthu asowe kwenikweni.

Kugonera kunja nyengo ya zikondwerero kuli mitundu iwiri. Ku America kuli tauni yaing'ono ya m'chipululu yotchedwa Quartzsite, m'chigawo cha Arizona. Eni ake enieni safika 3,000, koma nyengo yozizira kumadzaza anthu zikwi zambiri, ena ochokera ku Canada, othawa chisanu cha kwawo. Ambiri ndi okalamba opuma pa ntchito. Amakhala m'makalavani, galimoto zokhala ndi bedi, mbaula ndi chimbudzi m'kati. Madzi amakatunga ndi kuthira m'thanki, magetsi amatenga ku dzuwa, zonyansa amakataya pa malo ake. Boma limawalola kukhala m'malo ena a chipululucho kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo. Pa Khirisimasi aliyense amabweretsa mbale yake, n'kudyera pamodzi panja. Kukayamba kutentha amaliza galimoto n'kubwerera kwawo. Palibe wowatcha matchona, chifukwa anapita mwa kufuna kwawo ndipo ndalama yobwererera ili m'thumba.

Mnyamata wa ku Mandimba amene ali ku Johannesburg nayenso amakhala m'nyumba yosakhalitsa, koma yake ndi mkhukhu wa malata kapena kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya wina, ogonamo anayi kapena asanu. Madzi ndi a pa mpopi wa anthu onse, chimbudzi chimodzi mabanja angapo, kuphika n'kwa pa sitovu ya parafini. Cha pakati pa Disembala makampani omanga nyumba ku South Africa amatseka mpaka Januwale. Waganyu ndiye kuti ganyu wamuthera, koma mwini nyumba amafunabe lendi yake. Malo ena otsika mtengo ndi oopsa. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ya Usindiso pakati pa Johannesburg, mmene anthu osauka anadzigawira tizipinda ta matabwa ndi nsalu. Ena mwa omwalirawo anali aMalawi.

Ulendo wobwera nawonso si wamasewera. Basi imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, kenaka munthu adule dziko la Malawi mpaka pa Chiponde kuti alowe ku Mandimba. Disembala mitengo ya basi imakwera, pa chipata pamakhala mizere yaitali, ndipo amene masiku ake anatha pa pasipoti amaopa kuti akatuluka sadzalowanso.

Koma chimene chimamanga ambiri miyendo ndi manyazi. Kuyambira nthawi ya Wenela, wochokera ku migodi ankayembekezeka kufika ndi njinga, wailesi ndi bokosi la zovala. Lero muyezo ndi njinga yamoto, malata ndi foni ya aliyense. Wobwera ndi kachikwama kokha amasekedwa pa msika ndi pa chitsime. Ndiye munthu amati adikire chaka chamawa. Chaka chamawa chimabala china, foni imayamba kusayankhidwa, ana amakula osamudziwa. Umu ndi mmene utchona umayambira, ndipo mudzi uli ndi mbali yake.

Anthu a m'malire muno sayenera kuphunzitsidwa za moyo wa mumsasa. Pa nthawi ya nkhondo anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo anadya Khirisimasi ndi Idi zingapo m'zisakasa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera ndi mphika, khasu ndi mphasa basi. Palibe amene anafunsidwa kuti wabwera ndi chiyani. Kufika wamoyo kunali kokwanira.

Ena adzati munthu wa ku Joni amene sabwera ndiponso satumiza kanthu wasiya mayi yekha ndi munda nthawi ya kupalira. Izi n'zoona, ndipo wotereyu alibe chodzikanira. Ngakhale ndalama yochepa yotumizidwa pa foni imalipira waganyu wopalira chimanga kapena kugula makope a ana. Ndalama ikasowa, mawu sasowa. Kungoimba foni n'kunena kumene akugona ndi amene akukhala naye kumathandiza banja tsiku la tsoka.

Nawo mafumu, abusa ndi mashehe alankhule poyera pa misonkhano: wobwera chimanjamanja alandiridwe ndi madzi ndi nsima ngati wina aliyense. Makolo asiye kuyerekeza mwana wawo ndi wa mnansi amene wabwera ndi galimoto. Akale anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha ngati kwawoko kulibe omudikira kuti amuseke.