Kulimba Mtima Pakokha Sikuvuula Katundu

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi ndi mtsinje wa Shire muli anyamata amene amasambira ngati katumbu. Injini ya boti ikagwera m'madzi, kapena khoka likakodwa pamwala, anthu sachedwa kuloza mmodzi wa iwo nati, "Uyu ndiye mwamuna, aloŵe." Mnyamata uja amavula malaya, natenga chingwe, nabira. Akatuluka ndi moyo timamuombera m'manja. Akapanda kutuluka timati linali tsiku lake. M'nkhani ino ndifuna kutsutsa maganizo ameneŵa. Kumanga ndi kukweza katundu wolemera pansi pa madzi ndi ntchito yofuna sukulu, monga momwe ulili unamwino kapena umisiri wa magetsi, ndipo munthu wosaphunzitsidwa sayenera kutumidwa kukaigwira, ngakhale mtima wake utalimba chotani.

Tiyambe ndi zimene ife aphunzitsi timalemba pabolodi chaka ndi chaka. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Archimedes wa mumzinda wa Syracuse adazindikira kuti chinthu chikamizidwa chimapepukirako molingana ndi kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake. Lita imodzi ya madzi opanda mchere, onga a m'nyanja yathu, imalemera kilogalamu imodzi. Motero chitsulo cholemera makilogalamu 1,000 pamtunda chimalemera pafupifupi 870 m'madzi, pamene chipilala cha konkire cholemera chimodzimodzi chimatsika kufika pafupifupi 580. Wobira m'madzi wodziŵa ntchito amayamba ndi masamu otere phazi lake lisananyoŵe nkomwe, pakuti iwo ndiwo amamuuza kukula kwa chingwe ndi kuchuluka kwa mpweya umene ufunike.

Mpweyawo ndi wa ntchito yanji? Njira yofala yokwezera katundu womira ndiyo kumumangirira kuthumba lolimba lotseguka kunsi kwake, ndi kupoperamo mpweya kufikira thumbalo litayamba kunyamula. Injini yolemera makilogalamu 200 m'madzi imafuna malita 200 a mpweya m'thumba. Apa mpamene pabisala msampha umene Robert Boyle adaufotokoza m'chaka cha 1662: mpweya ukapanikizidwa umachepa, ndipo kupanikizako kukachepa umafufuma. Pa mamita 10 pansi pa madzi mpweya umapanikizidwa pafupifupi kaŵiri kuposa pamwamba. Ndiye kuti malita 200 aja, pofika pamwamba, amakhala atasanduka pafupifupi 400.

Thumba likakhala la msinkhu woyenera, mpweya wapaderawo umangotayikira kunsi kwake ndipo katundu amakwera modekha. Koma wosadziŵa amasankha thumba lalikulu, poganiza kuti kukula ndiko kulimba. Thumba lotero likangonyamuka limafufuma, likafufuma limathamanga, likathamanga limafufumabe. Limatulukira pamwamba ngati mvuu yolasidwa, nkupendekeka, nkutaya mpweya wonse nthaŵi imodzi. Pamenepo injini ija imabwerera kumene idachokera, ndipo pansipo pali munthu amene adaimanga, akuyang'ana kumwamba.

Msampha wachiŵiri ndi matope. Chinthu chimene chakhalitsa pansi chimagwidwa ndi thope monga momwe phazi limagwidwira m'dambo, kotero kuti kuchizula kumafuna mphamvu zoposa kulemera kwake. Wopupuluma amangoonjezera mpweya kufikira thope litasiya, ndipo likasiya, mphamvu yonse yapadera ija imaponyera katundu kumwamba. Wophunzitsidwa amayamba wakumba m'mbali mwake ndi madzi opopedwa mwamphamvu, namangirira katunduyo ndi chingwe china kuchinthu chosasunthika kuti asathaŵe, nagwira chingwe cha valavu yotulutsira mpweya asanapope ndi pang'ono pomwe.

Wachitatu uli m'zingwe zenizenizo. Zingwe ziŵiri zoimirira chilili zikanyamula makilogalamu 1,000, chilichonse chimasenza 500. Koma zikatangadza mpaka mpata wa pakati pawo utafika madigiri 120, chilichonse chimasenza 1,000 yense. Katundu ndi yemweyo, zingwe ndi zomwezo, koma kamangidwe kokha nkokwanira kuzidula. Ndipo tikumbuke kuti mumtsinje wa Shire nthaŵi ya dzinja munthu satha kuona ngakhale chikhatho chake. Amamanga mfundo ndi kulumikiza unyolo mofufuza ndi zala, madzi akumukankha. Chimene manja sadachizoloŵere pamtunda sangachichite mumdima wotero.

Thupi la wobirayo nalo lili ndi malamulo ake. Munthu akamapuma mpweya wopanikizidwa pansi pa madzi, mpweya wa nayitrogeni umaloŵerera m'magazi ndi m'minofu yake. Akakwera mofulumira umachita thovu, monga botolo la chakumwa likatsegulidwa mwadzidzidzi, ndipo thovulo limapundula kapena kupha. M'chaka cha 1908 John Scott Haldane adakonza ndondomeko yoyamba yosonyeza pamene munthu ayenera kuima ndi kudikira pokwera. Tsono taganizani za munthu amene mwendo wake wakodwa m'chingwe cha thumba lothaŵa lija: amakokedwa kuchoka pansi kufika pamwamba m'kanthaŵi kochepa, popanda kuima paliponse. Kwathu kuno palinso china. Nyanja yathu ili pamtunda wokwera mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja zamchere, ndipo ndondomeko zokonzedwera nyanja zamcherezo ziyenera kusinthidwa zisanagwiritsidwe ntchito pamalo okwera chotero. Amene sadaphunzire angadziŵe bwanji zimenezi?

Kuti tione chimene maphunziro ndi mwambo wa ntchito zimachita, tiyeni tipite ku Sweden. Sitima yankhondo yotchedwa Vasa idamira padoko la Stockholm pa 10 Ogasiti 1628, pa ulendo wake woyamba, nikhala m'matope pa mamita 32 pansi pa madzi. Anders Franzén adaipeza m'chaka cha 1956. Obira m'madzi a gulu lankhondo la pamadzi, motsogozedwa ndi Per Edvin Fälting, adakumba ngalande 6 kunsi kwa sitimayo ndi madzi opopedwa, mumdima ndi m'madzi ozizira, chombo chonsecho chili pamwamba pa mitu yawo. M'ngalandezo adapisamo zingwe za waya zimene zidamangidwa ku mapantoni aŵiri pamwamba. Mapantoniwo ankawadzaza madzi kuti atsike, nakunga zingwe, kenaka nkupopa madziwo kuti ayandame pamodzi ndi katundu wawo.

Chofunika kuchiona ndi ichi: sadayese kuivuula tsiku limodzi. M'chaka cha 1959 adainyamula pang'ono, naisunthira posaya, naikhazika pansi, nayambanso, kufikira itafika pa mamita 16. Kumeneko adakhala miyezi yambiri akutseka mabowo ndi kulimbitsa matabwa ake. Idatulukira pamwamba pa 24 Epulo 1961, patapita zaka 333 chimirire. Anthu aja adabira koposa ka 1,300 popanda ngozi yaikulu. Sitinganene kuti adali olimba mtima kuposa anyamata a ku Nkhotakota kapena ku Makanjira. Chimene adali nacho ndi maphunziro, dongosolo, ndi mtsogoleri womveredwa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina adzati, "Ife tilibe sitima zakale zoti tivuule, tiwonongerenji ndalama?" Yankho lili pafupi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene zinyalala, namasupuni ndi matope zimavutitsa poloŵera madzi. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi opopedwa pa Walker's Ferry. Pali zitseko za madzi pa Liwonde, pali madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba, pali milatho imene mizati yake idaima m'madzi. Ponseponse pamenepa pali zitsulo zimene tsiku lina zidzafuna kumasulidwa, kumangidwa ndi kukwezedwa. Ntchito ilipo, funso ndi lakuti adzaigwira ndani, ndipo adzabwerako wamoyo kodi?

Winanso adzati, "Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay anthu amaphunzira kale kubira ndi mabotolo a mpweya." Nzoona, ndipo nchiyambi chabwino. Koma chiphaso choonera nsomba za mbuna pakati pa miyala sichiphaso chomangira katundu. Wodziŵa kupalasa njinga sitimpatsa lole ya simenti kuti atsike nayo pa Chiweta.

Nchifukwa chake ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aliyense wotumidwa kukamanga katundu pansi pa madzi akhale ndi chiphaso cha ntchito imeneyo, atayamba kuphunzira pamtunda, kenaka posaya poyera, nkumaliza pakuya pamdima. Monkey Bay, kumene kuli kale malo okonzera sitima ndi sukulu ya ntchito za pamadzi, ndi malo oyenera maphunziro otere. Chachiŵiri, lamulo likane kuti munthu abire yekha. Pamwamba pakhale woyang'anira, pakhale wogwira chingwe cha wobirayo, pakhalenso wina wovala kale zida zake, wokonzeka kukapulumutsa mnzake. Mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, malamulo a moyo akhomerezedwe mpaka ataloŵa m'magazi: osaima kunsi kwa katundu, osadzimangirira kukatundu, osapopa thumba ndi mpweya umene ukupuma, ndiponso kukhala ndi ufulu wokana ntchito ikaoneka yokayikitsa, ngakhale bwana atakwiya.

Kwa inu amene mwangomaliza Fomu 4 ndipo mudakulira m'madzi, ndikuti: luso lanu losambira ndi chuma, koma ndi theka chabe. Theka linalo lili m'mabuku a masamu ndi sayansi amene mwina mwawaponya kale pansi pa bedi. Atoleni. Ndipo kwa aphunzitsi anzanga, pophunzitsa za Archimedes ndi Boyle tisalekere pa zilembo za pabolodi. Titenge ndowa ya madzi, mwala, chingwe ndi kathumba ka pulasitiki, ana aone ndi maso awo mmene mpweya umanyamulira mwala. Pakati pawo pangakhale mmodzi amene tsiku lina adzakumbukira phunzirolo ali mamita 20 pansi pa nyanja, dzanja lili pavalavu.

M'gawo lotsatira tidzaona za chithandizo choyamba kwa munthu wovuulidwa m'madzi.