Njoka ya ululu si mbuzi yoweta pakhomo

Anthu a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka safuna wina wowaphunzitsa za njoka. Dzinja likafika mlimi amalowa m'munda mtima uli m'mwamba, pakuti mphiri sithawa munthu. Imangoti phee m'zinyalala mpaka uiponde.

Tsono ndimadabwa ndikamva anzathu ena m'tauni akuti njoka nayonso ndi katundu wa geni. Ati ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amagula timphiri tokongola ta m'nkhalango, timene akatswiri amatitcha Atheris, n'kumatisunga m'mabokosi a galasi. Zimenezo n'zoona. Ku Tanzania atalengeza mtundu watsopano wa njokazi, Atheris matildae, m'chaka cha 2011, akatswiri anabisa dzina la nkhalango yake poopa ogwira njoka. Iwo anayamba kuziswetsa okha kuti za m'tchire zisathe.

Koma abale anga, safunsa anadya phula. Mankhwala opha ululu amene amapangidwa ku Johannesburg amathandiza wolumidwa ndi mphiri kapena mamba, koma timphiri ta m'nkhalangoti tilibe mankhwala akeake. Chimodzimodzinso kanjoka ka m'madambo kotchedwa Proatheris, komwe kamapezeka ku Chilwa ndi m'chigwa cha Shire. Kakathawa m'bokosi n'kuluma mwana wa neba, mudzati chiyani kwa makolo ake?

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kuweta njoka n'kupusa ayi. Mankhwala onse opha ululu amayambira pa njoka yoweta. Akatswiri amaikama ululu, n'kumabaya hatchi pang'onopang'ono, ndipo m'magazi a hatchiyo ndimo amatengamo mankhwala. Ku Watamu m'dziko la Kenya, James Ashe anatsegula famu ya njoka ya Bio-Ken m'chaka cha 1980, ndipo inakhala malo okama ululu ndi kuphunzitsa anthu a m'midzi. Kumeneko ndiye kuweta kwa phindu.

Bungwe la WHO likuti anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa. Ambiri mwa omwalirawo ndi alimi osauka ngati abale athu a kunyanja.

Choncho kwa ageni ndikuti, lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe analikhwimitsa mu 2017, si losewera nalo. Kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chiphaso ndi mlandu. Kwa ophunzira ndikuti, ngati njoka zimakusangalatsani, phunzirani sayansi yake kuti Malawi adzakhale ndi akatswiri akeake. Ndipo boma lionetsetse kuti zipatala za kumudzi zili ndi mankhwala mvula isanagwe.

Pakadali pano, wolumidwa musamuteme mphini, musamumange chingwe, musayamwe bala. Agone osagwedeza mwendo kapena mkonowo, ndipo muthamange naye kuchipatala.