Mbewu ya Papaya Isankhidwe pa Mtengo, Osati pa Msika

Caka ndi caka alimi amabwerera kunyumba ndi mapapaya opindika, a mizere yakuya ndi zipsera, amene ogula ku Chipata ndi ku Katete amangowalambalala. Mtengo wamwa madzi ndi kudya manyowa miyezi yambiri, koma zipatso zake zathera m'khola la nkhumba. Ife tikuti vuto limeneli limayamba pa tsiku losankha mbewu.

Ambiri a ife tikadya papaya lalikulu ndi lokoma timayanika njere zake ndi kukafesa. Koma cipatso cimodzi sicingatiuze khalidwe la mtengo umene cinacokera. Mwina anzake khumi anali opunduka, ndipo sitidziwa kumene mungu unacokera.

Mitengo ya papaya ili mitundu itatu. Waumuna umangopereka mungu. Waukazi umabala zipatso zozungulira, za mphako yaikulu. Wacitatu uli ndi cimuna ndi cikazi m'duwa limodzi, ndipo zipatso zake n'zazitali, za mnofu wocindikala, zosavuta kulongedza. Umenewu ndiwo amalonda amaukonda, koma uli ndi cofooka cake. Usiku ukazizira, monga mu June ndi July, makamaka pamene cinyezi ndi feteleza wa nayitrojeni zaculuka, tinsinga tonyamula mungu timafufuma ndi kumatirira pa kacipatso, ndipo cimakula copunduka. Kukatentha kwambiri, monga mu October, maluwa ena amayoyoka osabala, thunthu n'kutsala ndi mpata wopanda kanthu.

Cotilimbitsa mtima n'cakuti mitengo siifanana pa cofooka cimeneci. Ina imapunduza zipatso cisanu cikangoyamba, ina imapirira, ndipo khalidwe limeneli limatsata mbewu. Ku Hawaii, kumene papaya la Solo linafika mu 1911 kucokera ku Barbados, akatswiri anacepetsa vutoli posankha mitengo yopirira, mbadwo ndi mbadwo. Cida cawo cacikulu cinali maso ndi kudekha, ndipo zimenezi nafenso tili nazo.

Coyamba, tiyendere munda m'nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, tiike cizindikiro pa mitengo ya cimuna ndi cikazi imene yabala zipatso zosalala mosadukiza, ndi kulemba m'kabuku zimene taona. Caciwiri, pa mtengo wosankhidwa timangire kathumba ka pepala pa duwa lalitali, looneka bwino, lisanatseguke, kuti lilandire mungu wake wokha. Cipatso cikapsa, titsuke njere mpaka kakhungu koterera kacoke, ndi kuziumitsa pa mthunzi. Pa mbande zitatu zilizonse za njere zotere, pafupifupi ziwiri zimakhala za cimuna ndi cikazi, imodzi yaikazi, ndipo yaimuna siimapezeka. N'cifukwa cake timabzala mbande zitatu pa phando ndi kupatulira maluwa akaoneka.

Tisaiwale kuti kupunduka kwina sikucokera ku mbewu. Cipatso ca zotupatupa, cotuluka utomoni cisanapse, kawirikawiri cimasonyeza kuti nthaka, makamaka ya mcenga, ikusowa mcere wa boron. Cipatso ca timizere tozungulira, pa mtengo wa masamba acikasu ndi opotana, cimasonyeza matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, ndipo mtengo wotero uyenera kuzulidwa. Mbewu yabwino siicotsa udindo wosamalira munda.

Ena adzati n'kuvutikiranji pamene mbewu za haibridi, monga Red Lady ya ku Taiwan, zili m'masitolo. Wokhoza kugula agule, pakuti zimabala bwino. Koma njere zotengedwa m'zipatso za haibridi sizisunga khalidwe la kholo, motero mlimi ayenera kubwerera ku sitolo nthawi iliyonse akafuna kubzala. Mbewu yosankhidwa m'dimba lathu, imene yapirira cisanu ca kwathu, imakhala cuma ca banja ndi ca mudzi.

Nchito imeneyi siitha m'caka cimodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikupempha ophunzira amene muli pano kuti aliyense asankhe mtengo umodzi woti aziuyang'anira, ndipo inu amene munamaliza maphunziro, mutitumizire njere za mitengo yanu yopirira pamodzi ndi mbiri yake, kuti tiziyese m'nazale ndi kugawira anzathu.