Sun City yafika pa Jenda, koma hotela yatsala ku Joni

Mukafika pa Mzimba Boma mwezi wa Disembala simuchita kufunsa ngati anyamata a ku Joni abwera. Magalimoto a nambala za GP amakhala ali mbwee pamsika, ngolo zili tho ndi mafiriji, masofa ndi njinga. Chaka chatha msuweni wanga, amene amasamala maluwa panyumba ina ku Fourways, anandionetsa chithunzi chimene anajambulitsa pakhomo la Montecasino, atatchena ngati mwini malo. Kenaka anandifunsa kuti, “Kodi asuweni, boma likanatimangira chinthu chotere kuno kwathu, ife tikanapitanso ku Joni?”

Funsoli ndalimvanso m'maminibasi ndi m'magolosale. Ena amati timange kunyanja, ena amati ngakhale ku Chikangawa. Tisaliseke, tiyeni tiliyankhe.

Montecasino inatsegulidwa mu 2000. Anaimanga motengera mudzi wakale wa ku Italy, denga analipenta ngati thambo, ndipo muli mahotela, malo odyera, akanema, bwalo la zisudzo ndi kasino. Koma gogo wake wa malo onse otere ndi Sun City, imene Sol Kerzner anatsegula mu 1979. Nthawi imeneyo boma la tsankho linkaletsa makasino m'dziko la South Africa. Kerzner anakamanga ku Bophuthatswana, kadziko kongopeka kamene azungu anapatsa Lucas Mangope, komwe lamulolo silinkafika. Anthu a ndalama a ku Johannesburg ndi Pretoria ankangoyenda maola awiri pagalimoto n'kukachita zimene kwawo zinali zoletsedwa. Mu 1992 anawonjezera hotela ya Palace of the Lost City ndi nyanja yochita kupanga, ya mafunde oyendera makina.

Apa ndiye pagona nkhani. Sun City sinalemere chifukwa cha kukongola kwa nyumba ayi. Inalemera chifukwa pafupi pake panali mizinda ya anthu olemera amene analibe kwina kotchovera juga. Tsankho litatha mu 1994, Bophuthatswana inafera pomwepo, ndipo lamulo la 1996 linalola makasino okwana 40 m'dziko lonselo. Makasino analowa m'tauni, otchova juga anasiya kuyenda mtunda, ndipo Sun City inayamba kudalira kwambiri misonkhano, gofu ndi mabanja obwera kutchuthi. Kasino sabala ndalama, amangotolera pamene ndalama zilipo kale.

Ndiye tidzifunse: pakati pa Jenda, Embangweni, Edingeni ndi Luwerezi, olemera oti adzatolerepo ndi ndani? Ndalama zimene zimazungulira kuno n'za fodya, chimanga, tomato wa m'mbali mwa M1, malipiro a aphunzitsi, ndi ma rand amene ana athu amatumiza. Kasino atamangidwa kuno, angadye zomwezo.

Wina anena kuti alendo akunja adzabwera. Tinayesapo kumanga kaye n'kumadikira alendo. Bingu International Convention Centre ku Lilongwe inamangidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo chiyembekezo chinali pa msonkhano wa African Union wa mu Julaye 2012. Boma la mayi Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan, msonkhano unasamukira ku Addis Ababa, nyumba n'kutsala ikuyang'ana kumsewu. Pambuyo pake malowo, pamodzi ndi hotela yake, anapatsidwa kwa kampani ya Peermont ya ku South Africa kuti iziyendetsa, yomweyo ya Emperors Palace pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Ngati mu likulu momwe muli bwalo la ndege ndi akazembe zinavuta chonchi, nanga kuno kumene nkhani ya msewu wa Jenda mpaka Edingeni yakhala ikumveka pamisonkhano ya ndale kwa zaka zambirimbiri?

Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'china. Pamene tikulota za nyumba zowala, kasino weniweni anafika kale. Sanabwere ndi hotela, sanabwere ndi dziwe losambira, sanalembe ntchito ophika kapena oyala mabedi. Anabwera ndi kashopu ka kubetcha pa trading centre ndi kandege ka Aviator mufoni. Sun City inkafuna kuti munthu akhale ndi galimoto ndi tchuthi. Iyi ikungofuna bandulo ya intaneti ndi K200.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, fizi itavuta, koma masamu ochepa ndinatolako. Gudumu la roulette la mtundu wa ku Ulaya lili ndi manambala 37. Ukabetcha nambala imodzi n'kupata, amakupatsa phindu la ka 35, osati ka 36. Kusiyana kakang'onoko ndiye malipiro a mwini kasino: pa K1,000 iliyonse yoikidwa patebulo, K27 ndi yake, mvula igwe dzuwa liwale. Munthu mmodzi akhoza kupata lero, mudzi wonse n'kumva. Koma mukaphatikiza onse osewera kwa chaka, wopambana ndi mwini gudumu. Masewera a mufoni amayenda pa mfundo yomweyo, kungoti gudumu lake limazungulira usiku ndi usana. Mwala uliwonse wa Lost City unagulidwa ndi ndalama za anthu oluza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tsono taonani ulendo wa ndalama. Mnyamata wa kwa Mabulabo agulitsa ng'ombe ya bambo ake, alipira transipota, awoloka Beitbridge mtima uli m'mwamba. Kumeneko akhala moopa apolisi ndi Lindela, akukumbukira mabasi amene anabweza anzathu mu 2008 ndi 2015 pothawa zipolowe zodana ndi alendo. Atumiza ma rand kuti mng'ono wake alipire fizi kapena agule feteleza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo inaoneka yambiri m'manja. Mng'onoyo aganiza zoichulukitsa kaye pang'ono. Pofika madzulo palibe fizi, palibe feteleza. Ndaziona ndi maso anga, ndipo inu amalonda mukudziwa anyamata angati amene mpamba wawo unathera momwemo.

Agogo athu anapita ndi WENELA mpaka Dr Banda analetsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70. Abambo athu anapita ndi TEBA mpaka 1988. Iwo ankabwera ndi bulangete, wailesi ndi chifuwa. Mbadwo uno ukumanga nyumba za malata zimene tikuziona pa Boma, ndipo tiwayamikire. Koma zikhala zomvetsa chisoni ngati Mzimba izitumiza thukuta kunja, malipiro ake n'kumathera m'thumba la eni juga.

Sindikunena kuti juga ithetsedwe. Yoletsedwa imangolowa m'tchire, monga bawo ya ndalama ndi makadi a kuseri kwa msika. Lamulo lilipo: la 2022 limene linakhazikitsa Malawi Gaming and Lotteries Authority. Limaletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga. Funso n'lakuti, kodi oyendera malamulowa amafika kangati pa Jenda? Khonsolo ya M'mbelwa, imene imatolera ziphaso za mabizinesi, iyambe kufunsa kutalika kwa mashopu amenewa ndi mipanda ya sukulu. Aphungu athu afunse ku Nyumba ya Malamulo kuti msonkho wa juga umabwerera bwanji kumaboma kumene ndalamazo zachokera. Mafumu ndi a mipingo, amene amadzaza Hora pa Umthetho, ayankhulepo poyera.

Ndipo ngati tikufuna chomanga, tiyambe ndi chotikwana: msewu wa phula, msika wa denga pa Jenda kuti tomato asamaolere padzuwa, ndi malo ogona aukhondo a alendo opita ku Hora ndi ku Vwaza.

Msuweni wanga anabwerera pa 3 Januwale. Pokwera basi anandiuza kuti tsopano fizi azitumiza kusukulu mwachindunji, osadzeranso m'manja mwa mng'ono wake.